Akuikani kapaipi kachitsulo kummero: mafunso okhudza malamulo ake

Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri, ndipo ambiri amafika kuchipatala ngakhale phala litayamba kale kukana. Apa madokotala amatha kuika stent, kapaipi kolukidwa ndi mawaya achitsulo, kamene amakalowetsa kudzera m'kamwa popanda kung'amba. Sikachiza khansa, kamangotsegula njira ya chakudya.

Bwanji pachifuwa pakupweteka chonsecho sanandiche­ke?

Kapaipi kamalowa kali kofinyika, kenaka kamafutukuka kokha kwa tsiku limodzi kapena awiri n'kumakankha chotupacho. Ululuwu umachepa pakapita masiku angapo. Pemphani mankhwala, musangolimba mtima. Koma ukakula n'kubwera ndi kutentha thupi kapena kubanika, mwina njirayo yabooka. Musadikire kuti kuche.

Ndiye nsima ndiisiyiretu?

Ayi, koma musathamangire. Yambani ndi zamadzimadzi, kenaka phala losalala lothira nsinjiro kapena mkaka, ndipo adokotala akavomera, nsima yofewa kwambiri. Mbamu ikhale yaing'ono ngati chala, inyowe bwino mumsuzi, muitafune mpaka isungunuke, kwinaku mukumwera madzi pang'onopang'ono. Chifukwa chake n'chakuti mmero wachibadwa umafinya chakudya kuti chitsike, pomwe chitsulo sichifinya. Chimene chalowa chiyenera kutsetsereka chokha, n'chifukwa chake mudye muli tsonga.

Nyama yolimba, buledi wofewa amene amaumbika, chimanga chootcha, mtedza wosasinja, mango aulusi, mapesi a ndiwo zamasamba ndi usipa wokhala ndi minga yake, zonsezi zimatseka. Nthochi yakupsa, mapeyala, mbatata yoponda ndi mazira ofewa zimadutsa bwino. Kwa osamalira wodwala: musamuumirize mbale yodzadza chifukwa choti waonda. Ndi chikondi, inde, koma pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku ndiye zothandiza.

Chakudya chikatsamwa?

Siyani kudya, imirirani, yendani pang'ono, pwirani chakumwa chofunda kapena chothetheka. Musatokose ndi chala. Zikakanika, makamaka ngati malovu omwe sakutsika, pitani kuchipatala, amachotsa ndi makina omwe anaikira aja.

Nanga chilungulira cha usikuchi?

Kapaipi kakafika pakhomo la chifu, khomolo silitsekekanso, ndiye zam'mimba zimabwerera m'mwamba ndipo zingalowe m'mapapo. Gonani mutatsamira, mutu ndi chifuwa zili pamwamba, ndipo papite maola 2 kapena 3 mutadya musanagone. Mankhwala ochepetsa asidi alipo.

Ndimameza bwinobwino, pano zayambanso. Chachitika n'chiyani?

Mwina kapaipi kasuntha n'kugwera m'chifu, kapena chotupa chakula n'kutseka kumapeto kwake. Kawirikawiri amatha kukakonza kapena kuika kena. Bwererani msanga, osati kungoti matenda afika pamapeto. Chimodzimodzi mukasanza magazi, chimbudzi chikada bii, kapena mukamatsokomola nthawi iliyonse mukameza madzi, chifukwa kutsokomola kotereku kungatanthauze kuti pabooka kanjira kolowera kumapapo.