Romy Schneider, mtsikana amene anathawa chisoti cha mfumukazi

Khirisimasi ikamayandikira, mawayilesi a kanema a ku Germany ndi Austria amatulutsanso mafilimu a Sissi, mabanja n'kukhala pansi kuonera kamtsikana komwetulira, Elisabeth wotchedwa Sissi, kakukwatiwa ndi mfumu ya Austria, Franz Joseph. Mwini nkhope ija, Romy Schneider, ankadandaula kuti Sissi wamumatirira ngati phala. Mkangano woti kodi mayiyu anali wa Ajeremani kapena wa Afalansa unayambira pomwepo.

Anabadwira ku Vienna pa 23 September 1938, dzina lake lenileni Rosemarie Albach. Bambo ake, Wolf Albach-Retty, ndi mayi ake, Magda Schneider, onse anali a zisudzo. Filimu yake yoyamba inatuluka mu 1953 ali ndi zaka 15, akusewera limodzi ndi mayi akewo. Kenako kunabwera mafilimu atatu a Sissi, a 1955, 1956 ndi 1957. Anthu amene anali atangotuluka m'nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, mizinda ili mabwinja, ankafuna kuona chinthu choyera, chopanda banga, ndipo anachipeza mwa mwanayu. Atamupempha kuti achite filimu yachinayi, iye anakanitsitsa, ngakhale ndalama zake zinali zochuluka.

Mu 1958 anakumana ndi wosewera mafilimu wa ku France, Alain Delon, pojambula filimu ya Christine, chikondi chinayamba, ndipo anamutsatira ku Paris. Manyuzipepala akwawo anamuyesa wogulitsa mtundu. Ine ndimaona kuti kumeneko kunali kumulakwira kwambiri, pakuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Chimene chimandigwira mtima ndi chakuti anafika ku Paris Chifalansa chake chili chopereweza, koma mu 1961 wotsogolera mafilimu wa ku Italy, Luchino Visconti, anamuimika pabwalo la zisudzo kuti alankhule chinenero chomwecho pamaso pa eni ake, popanda mwayi wobwereza akalakwitsa. Anaima, nalankhula, anthu n'kuomba m'manja. Chingerezi nachonso anachigwira: anasewera mu The Trial ya Orson Welles mu 1962, kenako ku Hollywood ndi Jack Lemmon mu 1964. Ku America sanakhalitseko.

Ubwenzi ndi Delon utatha, anakwatiwa ndi Harry Meyen mu 1966, nabereka mwana wamwamuna, David. Anali Delon yemweyo amene anamuitana kukasewera mu La Piscine ya 1969, ndipo kuyambira pamenepo France inamutenga ngati mwana wapakhomo. Ndi wotsogolera mafilimu Claude Sautet anapanga mafilimu asanu. Mphotho ya mafilimu ya ku France yotchedwa César itayamba kuperekedwa mu 1976, iye ndiye mkazi woyamba kuilandira monga wosewera bwino koposa, ndipo anailandiranso mu 1979. Ankalankhula Chifalansa chomveka kalilime ka Chijeremani pang'ono, ndipo Afalansa anakakonda kalilimeko.

Komabe kwawo sanakuiwale. Anakulira pafupi ndi Berchtesgaden ku Germany, dera limene Hitler anali ndi nyumba yake ya kumapiri, ndipo mbiri imeneyi inkamulemera. Mu Le Train ya 1973 anasewera ngati mkazi wachiyuda wothawa a Nazi, ndipo mu Le Vieux Fusil ya 1975 anali mayi wophedwa ndi asilikali achijeremani. Mfumukazi Elisabeth anaibwereranso kamodzi, mu Ludwig ya Visconti, koma ulendo uno inali mayi wouma mtima, wosamwetulira chisawawa.

Zaka zomaliza zinali za misozi yokhayokha. Meyen anadzipha mu 1979. Mu July 1981 David, ali ndi zaka 14, analasidwa ndi zitsulo zosongoka za mpanda umene ankakwera, namwalira. Romy anajambulabe La Passante du Sans-Souci, filimu imene anaipereka kwa David ndi bambo a mwanayo, Meyen. Pa 29 May 1982 anamupeza atamwalira m'nyumba ku Paris, ali ndi zaka 43. Anaikidwa m'kamudzi ka Boissy-sans-Avoir, ndipo David anamusamutsira m'manda omwewo. Pamwala pake analembapo dzina lake lobadwa nalo, Rosemarie Albach.