Tsamba likakana kutseguka, vuto silikhala netiweki nthawi zonse

Tsamba la pa intaneti likakana kutseguka, ambiri muno mu Blantyre timafulumira kunena kuti netiweki yavuta. Komatu nthawi zambiri foni imakhala italumikizana bwinobwino, ndipo vuto limakhala pa seva, kompyuta imene imasunga tsambalo.

Pa seva pamakhala pulogalamu imene ntchito yake ndi kulandira zopempha zochokera ku mafoni ndi makompyuta, n'kubweza yankho. Mwa mapulogalamu otere, otchuka kwambiri ndi Apache, imene inatuluka mu 1995, ndi Nginx, imene katswiri wa ku Russia, Igor Sysoev, anaitulutsa mu 2004 pofuna kuti seva imodzi izitha kutumikira anthu masauzande ambiri nthawi imodzi.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti pulogalamu yolandira zopemphayi, imene tingaitche yakutsogolo, kawirikawiri siwerengera ndalama za kasitomala kapena kufufuza dzina la wophunzira pa mndandanda wa zotsatira za mayeso. Zithunzi ndi mafayilo osasintha imatumiza yokha, koma pakafunika kuwerengera, imapereka pempholo kwa pulogalamu yakumbuyo, monga PHP-FPM kapena Tomcat, imene nayonso imakafunsa ku nkhokwe ya deta ngati MySQL kapena PostgreSQL. Zimafanana ndi pamalo odyera, pomwe woperekera chakudya amalandira oda koma wophika ndi wina.

N'chifukwa chake manambala amene amaoneka tsamba likakanika si oyenera kuwanyalanyaza. Mukaona 404, seva ili moyo ndithu, kungoti chimene mwapemphacho palibe. Nambala 502 imasonyeza kuti pulogalamu yakutsogolo sinalandire yankho lomveka kuchokera kumbuyo, kawirikawiri chifukwa yakumbuyoyo yazima, pomwe 504 imatanthauza kuti inadikira mpaka nthawi yoikika inatha. Mavuto onsewa sangathe pogula bandulo ina.

Kwa eni mabizinesi a ku Limbe kapena ku Ginnery Corner amene analemba munthu wowapangira tsamba, ndimaona kuti si bwino kumuuza kuti "tsamba lafa" basi. Muuzeni nambala imene mwaona komanso nthawi yeniyeni imene munaiona, chifukwa ngati seva ikugwiritsa ntchito Nginx pa Linux (pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, ngati Windows), iye adzatsegula fayilo ya /var/log/nginx/error.log, n'kupeza mzere wa nthawi yomweyo umene ukusonyeza mbali imene inasiya kuyankha.