Kusinkhasinkha kwa Amonke a ku Tibet: Zimene Kumachita ku Ubongo ndi Kukumbukira

Amonke a Chibuda a ku Tibet ali ndi njira zingapo zosinkhasinkhira. Ina ndi yoika maganizo onse pa kapumidwe, ina ndi yolingalira za chifundo kwa zamoyo zonse, ndipo ina ndi youmba m'maganizo chithunzi cha mulungu wawo mpaka manja ake, zovala zake ndi zimene wanyamula zioneke ngati zili pamaso penipeni.

Mu 2004, Richard Davidson ndi anzake a pa yunivesite ya Wisconsin ku America anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa anthu 8 amene anali atasinkhasinkha maola pakati pa 10,000 ndi 50,000 pa moyo wawo. Atawalumikiza mawaya kumutu, anapeza kuti mafunde a magetsi a mu ubongo otchedwa gamma anali amphamvu kwambiri pamene ankalingalira za chifundo, kuposa a ophunzira amene anangophunzira njirayi kwa sabata imodzi.

Pa nkhani ya kukumbukira, kafukufuku wa mu 2009 wa Maria Kozhevnikov, katswiri wa za ubongo, ndi amene akutiuza zambiri. Anthu ozolowera kusinkhasinkha amene anaumba chithunzi m'maganizo kwa mphindi 20 anakhoza bwino mayeso okumbukira zithunzi atangomaliza, koma asanayambe kusinkhasinkha sankasiyana ndi anthu ena onse. Izi zikusonyeza kuti phindulo ndi la kanthawi, ndipo n'kulakwa kulengeza njirayi ngati mankhwala a matenda oiwalaiwala a okalamba.

Chenjezo lofunika likuchokera kwa asing'anga a ku Tibet komweko, amene kuyambira kale amadziwa vuto lotchedwa lung, limene limagwira munthu wodzikakamiza kusinkhasinkha mopyola muyeso: tulo timasowa, pachifuwa pamathina, mtima umagunda mofulumira ndipo nkhawa imakula. Munthu amene anadwalapo matenda a maganizo, kapena amene anakumana ndi zoopsa zimene zimamubwererabe m'mutu, ayenera kukambirana ndi dokotala asanayambe, ndipo woyamba kumene asapitirire mphindi zochepa pa tsiku.

Ngati inu kapena wachibale wanu wayamba kuiwala mayina a ana ake, kusochera m'njira yodziwika, kapena kufunsa funso limodzi mobwerezabwereza, pitani kuchipatala msanga, chifukwa kuthamanga kwa magazi, shuga, mowa ndi kusowa tulo zimawononga kukumbukira ndipo zili ndi chithandizo chake.