Bala likapola, fupa limakhala lidakali lanthete

Ndatopa nawo mawu akuti, "Anandiika chitsulo, ndiye mkonowu ndi wolimba kuposa kale." Ayi ndithu. Chitsulo chimene ife achipatala timaika pa opaleshoni fupa likathyoka chimangogwira zidutswa za fupa kuti zisasunthe. Kulumikiza ndi ntchito ya thupi, ndipo kwa munthu wamkulu kumatenga masabata 6 mpaka 12, mwinanso kupitirira ngati amasuta fodya kapena ali ndi shuga. Ulusi timachotsa pakangotha masabata awiri, ndiye anthu amayesa zatha.

Pali mayi wina amene mpaka lero amandiwawitsa mtima. Anathyoka pamwamba pa chigongono, opaleshoni inayenda bwino, bala linauma bwinobwino. Sabata lachisanu anapita kumjigo, nadzitwika yekha chigubu cha malita 20. Amenewo ndi makilogalamu 20, pamkono umene tinati usanyamule cholemera kuposa kapu ya tiyi. Fupa linathyokanso pomwe chitsulo chathera. Ndi pamene pamavuta kawirikawiri, chifukwa chitsulo sichigonja, ndiye mphamvu yonse imakaunjikana pafupa la kumapeto kwake.

Akanabwera tsiku lomwelo tikanakonza. Koma anaopa kukalipiridwa, ndipo achibale anapita nawo kwa sing'anga. Kumeneko anawatema mphini pamwamba pa chitsulo penipeni, kupakamo zakuda, n'kumanga ndi timitengo tansungwi. Anafika patatha masabata atatu, mafinya akuchucha. Tizilombo tikakakamira pachitsulo, mankhwala okha kawirikawiri sakwanira, zimafunika kutsegulanso. Mkono unapulumuka, koma chigongono chinauma. Mbamu ya nsima saifikitsa kukamwa ndi dzanja limenelo.

Chigongono sichichedwa kuuma, n'chifukwa chake timakuuzani kuti muzipinda ndi kuwongola monga akuphunzitsirani a fiziyo, achipatala ophunzitsa masewera olimbitsa ziwalo. Kupinda ndi kwina, kunyamula ndi kwina. Khasu, musi, nkhwangwa, kabaza, zonsezi zidikire mpaka titajambula n'kuona kuti fupa lagwirana. Ngakhale tsiku limene tidzachotse chitsulocho, mabowo amene chasiya amafooketsa fupa kwa miyezi ingapo. Idyani usipa ndi matemba ndi minga yomwe. Amayi amene munasiya kusamba, inu ndiye samalani koposa.

Mukamva kuti thyoo, kapena ululu watsopano, kutupa, madzi pabala, dzanzi ku kachala kakang'ono, kapena zala zikazizira n'kukana kusuntha, musadikire tsiku lolembedwa m'buku lanu lachipatala. Bwerani lomwelo, ngakhale usiku. Tikufunsani zomwe munanyamula, inde, koma tikuthandizani.