Za mvula ya amphaka ndi agalu ija, bodza lake lili pati?

Aphunzitsi athu a Chingerezi ku Fomu 2 ankakonda kutiuza kuti mawu oti "raining cats and dogs", otanthauza mvula yamphamvu kwambiri, anayamba chifukwa kale ku England amphaka ndi agalu ankagona pa denga la udzu, ndiye mvula ikakhuthuka ankaterereka nkugwera pansi. Tonse tinalemba mu kope kkkk, palibe anafunsa kuti galu amakwera bwanji padenga, ife tomwe tinakulira m'nyumba zofolera udzu, munamuonapo galu pamwamba pa tsindwi inu?

Nkhani imeneyi inafala kwambiri ndi ka imelo kena kamene anthu ankatumizirana cha m'ma 1999, umboni wake ulibe. Zolembedwa zenizeni ndi izi: mu 1738 mlembi wina dzina lake Jonathan Swift anagwiritsa ntchito mawuwa pafupifupi mmene tikuwadziwira leromu, ndipo mu 1710 anali atalemba kale ndakatulo ya mvula ya mu London, mmene madzi ankakokolola ana agalu omira ndi amphaka akufa m'ngalande, fungo lokhalokha. Ena amati apa ndiye pamene panachokera mawuwa, koma vuto ndi loti mawu ofanana nawo analipo kale m'zaka za m'ma 1650, Swift asanabadwe nkomwe.

"Kick the bucket", kumene ife timati kutsamira mkono, anakalowa mu dikishonale ya Francis Grose mu 1785, ndipo mpaka pano anthu akukanganabe ngati ndi chidebe chenicheni kapena mtanda umene ankapachikapo nkhumba pozipha, poti m'madera ena a ku England mtandawo ankautchulanso bucket.

Koma yondisangalatsa ndi "the whole nine yards", kutanthauza zonse popanda chotsala. Anthu ankachita kulumbira kuti mayadi nainiwo ndi kutalika kwa lamba wa zipolopolo m'ndege za nkhondo yachiwiri, ena amati nsalu ya suti, ena simenti ya m'galimoto, aliyense ndi yake, mpaka ofufuza atafukula manyuzipepala akale a ku Indiana, ku America, anapeza mawuwa atalembedwa mu 1907, nkhondoyo kulibe. Anapezanso "whole six yards" ku Kentucky mu 1912. Eti sikisi! Ndiye amene anataya nthawi kuyeza malamba a mfuti ndi tepi aja anangovutika chabe, nambalayo inkangosintha mmene munthu wafunira.