Mmene nyanja ya Black Sea inatsamwira

Mu 1890 sitima yankhondo ya ku Russia yotchedwa Chernomorets inanyamula akatswiri a sayansi kukafufuza pansi pa nyanja ya Black Sea. Mmodzi wa iwo anali Nikolai Andrusov, katswiri wa miyala. M'nyanja zina, ukatsitsa khoka kufika pansi penipeni umavuula nkhanu, nyongolotsi ndi nsomba zachilendo. Apa anavuula matope akuda bii, zigoba zakalekale za nkhono zimene sizikhala m'madzi a mchere wambiri, ndi madzi onunkha ngati dzira lowola. Fungolo linali la mpweya wa poizoni wotchedwa hydrogen sulfide.

Nyanjayi yazunguliridwa ndi Turkey, Bulgaria, Romania, Ukraine, Russia ndi Georgia, ndipo pamene yazama kwambiri imapitirira mamita 2,200. Koma nsomba zake zonse zimakhala m'kagawo kapamwamba kokha. Ukatsika mamita 150 kapena 200 okosijeni watheratu, moti pafupifupi 90 peresenti ya madzi ake ndi oti nsomba singapumemo.

Gwero la nkhaniyi lili pa Bosporus, kampata ka madzi kodutsa pakati pa mzinda wa Istanbul, kotalika makilomita 30 ndipo pena kopingasa mamita 700 okha. Asodzi akumeneko ankadziwa kalekale kuti madzi a pampatapo amayenda pawiri: bwato limakokedwa kumwera, pamene ukonde womizidwa kwambiri ukukokedwa kumpoto. Mnyamata wina wa ku Italy, Luigi Marsili, atamva zimenezi mu 1680 anakhoma bokosi logawa pakati, n'kuboola chotchingacho pamwamba ndi pansi. Mbali ina anathira madzi a mchere wambiri, ina a mchere wochepa. Olemerawo anadzera kubowo lapansi, opepukawo kubowo lapamwamba, aliyense kulowera kwake. Anasindikiza zimenezi mu 1681, koma nzeruyo anaitola kwa asodzi, amene mayina awo palibe anawalemba.

Ndi mmenenso zilili lero. Mitsinje ikuluikulu, Danube, Dnieper ndi Dniester, imathira madzi opanda mchere pamwamba. Madzi olemera a ku nyanja ya Mediterranean amalowera pansi pa Bosporus n'kumira. Apamwamba ali ndi magalamu pafupifupi 18 a mchere pa lita, apansi 22. Kusiyana kwake kukuoneka kochepa, koma n'kokwanira kuti mphepo ndi chisanu zilephere kutakasa nyanja mpaka pansi. Okosijeni wolowera pamwamba amathera pamwamba pomwepo.

Sizinali choncho nthawi zonse. M'nyengo imene madzi oundana anakuta kumpoto kwa dziko lapansi, nyanja zamchere zinatsika kwambiri, Black Sea n'kusanduka nyanja payokha ya madzi osawawa kwenikweni, ndipo nkhono za Andrusov zija n'za nthawi imeneyo. Madzi oundana atasungunuka, Mediterranean inakwera n'kulowa. Inalowa bwanji, pamenepo ndi pamene akatswiri amakangana. Mu 1997 William Ryan ndi Walter Pitman a ku America ananena kuti madziwo anasefukira mwadzidzidzi cha m'ma 5600 BC n'kumiza midzi, ndipo anthu anathamangira kulumikiza zimenezi ndi chigumula cha Nowa. Ena ofufuza matope omwewo amati madzi analowa kale kuposa pamenepo, ndiponso pang'onopang'ono. Nkhani ya chigumula imakoma kuimva, n'chifukwa chake inafala kuposa umboni wake. Chimene onse amavomereza n'chakuti zaka pafupifupi 7,500 zapitazo pansi pa nyanjayi panali patatsamwa kale.

Tsono chamoyo chikafa pamwamba, kaya ndi ndere, tinsomba kapena zitosi za tizilombo ta m'madzi, chimawola bwanji kumene kulibe mpweya? Kuwola n'kudyedwa ndi mabakiteriya, ndipo mabakiteriya, monga ife, akadya amafuna chopumira kuti apeze mphamvu m'chakudyacho. Okosijeni ndiye wopindulitsa kuposa zonse, choncho amayamba kutha. Pansi pake pali kagawo kopyapyala kumene mabakiteriya ena amapumira mchere wotchedwa nitrate, ena zitsulo za manganese ndi ayironi. Mu 2003 akatswiri anapeza m'kagawo kameneka mabakiteriya ophatikiza ammonium ndi nitrite, zonse ziwiri zokhala ndi nayitirojeni, n'kutulutsa mpweya wa nayitirojeni, ntchito imene poyamba inkadziwika m'matanki oyeretsera madzi oipa. Cha pa mamita 100 palinso mabakiteriya obiriwira amene amapanga chakudya ndi kuwala kochepetsetsa kofika kumeneko.

Kutsika apo, ufumu ndi wa sulfate, mchere umene uli wambiri m'nyanja iliyonse yamchere. Kumeneko palibe kachilombo kamene kamamaliza ntchito kokha. Oyamba amathyola mapuloteni, mafuta ndi shuga n'kuziwiritsa monga mmene chimera chimasasira, zotsala n'kukhala timaasidi ting'onoting'ono ndi hydrogen. Zotsalazo ndiye chakudya cha mabakiteriya opumira sulfate, amene amatulutsa hydrogen sulfide uja. Mtundu umenewu wa mabakiteriya anaufotokoza bwino Martinus Beijerinck wa ku Netherlands mu 1895. Mpweyawo ukakumana ndi ayironi umadetsa matope. M'kati mwa matope, kumene sulfate naye watha, tizilombo tina totchedwa archaea timamalizitsa n'kutulutsa mpweya wa methane. Methane ameneyo akamakwera amakumana ndi magulu ena omudya, ndipo kufupi ndi Crimea, kumpoto kwa nyanjayi, maguluwa amanga timilu ta miyala ya laimu totalika mpaka mamita 4, timene akatswiri anatifotokoza mu 2002. Amene amati pansi pa Black Sea n'pakufa amawerenga nsomba zokha.

Nyanja ya Malawi nayo ilibe okosijeni kupitirira mamita 200 kapena 250, ngakhale imazama mamita pafupifupi 700 ndipo mwera umaiwinduka chaka ndi chaka. Kungoti kuno chimene chimaletsa madzi kusakanikirana kwenikweni ndi kufunda kwa madzi apamwamba, ndipo sulfate ndi wochepa.

Kuwola kopanda okosijeni kumayenda mwaulesi, ndipo mtengo umakanika kwambiri. Nyongolotsi zoboola matabwa, zimene m'nyanja zina zimatha chombo chomira m'zaka zowerengeka, sizifika kumeneko. Mu 2000 gulu la Robert Ballard linapeza chombo cha zaka pafupifupi 1,500 kufupi ndi Sinop ku Turkey, pa mamita 320, mlongoti wake uli chiimire. Mu 2018 kunalengezedwa za chombo cha amalonda achigiriki cha zaka 2,400, chotalika mamita 23, chogonera nthiti pa makilomita oposa 2 pansi kufupi ndi Bulgaria, chiwongolero ndi mabenchi a opalasa zili m'malo mwake.

Kutsamwa kwachilengedwe kumeneku anthu amakusokoneza ndi kwina, kumene kunachitika dzulodzuloli ndipo kuli ndi eni ake. Kumpoto chakumadzulo kwa nyanjayi madzi ndi osaya, okosijeni amafika pansi, ndipo ndiko kunali moyo wochuluka: nkhono, nsomba zapansi, ndi dimba lalikulu la ndere zofiira. Kuyambira m'ma 1960 mpaka m'ma 1980 maiko a m'mbali mwa Danube anachulukitsa feteleza, makola akuluakulu a nkhumba ndi zonyansa za m'mizinda. Zonsezi zinatsikira kunyanja. Ndere zazing'ono zinaswana mopyola, zikafa n'kumira, mabakiteriya n'kumaliza okosijeni poziwoletsa. M'chilimwe nsomba ndi nkhanu zakufa zinkaunjikana m'magombe a Romania ndi Ukraine, ndipo pofika 1990 dera lotsamwalo linafika masikweya kilomita 40,000. Nthawi yomweyo kanyama konga jelifishi, kamene kanabwera m'madzi olemeretsa sitima zochokera ku America, kanatha chakudya cha tinsomba ta anchovy, usodzi n'kugwa.

Chinapepuza nyanjayi poyamba si lamulo ayi. Maboma achikomyunizimu atagwa kuyambira 1989, alimi analibe ndalama za feteleza ndipo makola ambiri anatsekedwa. M'zaka zochepa dera lotsamwalo linachepa kwambiri. Pangano loteteza nyanjayi linasainidwa ku Bucharest mu 1992, umphawi utayamba kale kugwira ntchitoyo.

Pakati pa nyanja vuto lasintha nkhope. Chisanu chowawa ndicho chimaziziritsa madzi apamwamba kuti alemere, amire pang'ono ndi okosijeni wawo. Nyengo zachisanu zikufunda, ndipo kafukufuku wa mu 2016 anapeza kuti okosijeni, amene mu 1955 ankafika mamita 140, pofika 2015 ankalekezera pa mamita 90.