Adiministreta si mwini chuma

"Kukhoti kulibe chilungamo, a loya." Mawu amenewa ndatopa nawo, ndipo ambiri owanena ndi amayi amasiye amene amafika kwa ine chuma chitadyedwa kale. Sindiwatsutsa kotheratu. Khoti likhoza kulemba kuti mwapambana, koma silingabweze zaka zimene mwana wakhala pakhomo osapita kusukulu. Chondipweteka n'chakuti ambiri amabwera mochedwa chifukwa anauzidwa bodza pamaliro pomwepo.

Bodzalo ndi lakuti amene wasankhidwa kukhala adiministreta ndiye mwini zonse. Ayi! Ntchito yake ndi kusonkhanitsa chuma, kulipira ngongole za malemu ndi kugawira oyenera. Nyumba sangaigulitse popanda chilolezo cha khoti. Lamulo la ku Zambia la Intestate Succession Act la 1989 linagawa kale: munthu akamwalira osasiya wilo, ana amalandira 50 peresenti, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo 20, ndipo 10 ndi ya ena amene ankadalira malemuyo. Nyumba ndi ya ana ndi wamasiyeyo, amene amakhalamo mpaka imfa kapena atalowa banja lina. Pamene mkazi ndi ana alipo, alamu anu alibe gawo chifukwa cha ubale wokha.

Pali mayi wina wa ku Kanyama, mu Lusaka, amene sandichoka m'mutu. Amuna awo anasiya minibasi ndi ndalama za kuntchito. Achibale anapita ndi mkulu wa malemu ku Local Court, khoti laling'ono la m'dera, mayiwo akadali pansi kulira, nkukamusankha adiministreta. Atafunsa za minibasi anawayankha kuti, "Mlamu, misozi sinaume, mwayamba kale za chuma?" Anachita manyazi, nkukhala chete zaka ziwiri. Mlandu tinapambana, inde. Koma minibasi inali itaphwasulidwa nkugulitsidwa ziwalo, ndalama zitapita, ndipo mlamuyo analibe ngakhale njinga yoti amulande. Mayiwo anapinda chigamulo chija kanayi nkuchisunga m'thumba la pulasitiki pamodzi ndi makadi a ku kiliniki a ana. Mwana wawo woyamba anali atasiya sukulu ali mu giredi 9.

Choncho musadikire kuti mwambo wonse wa maliro uthe. Akayamba kunyamula katundu, pitani ku Victim Support Unit kupolisi tsiku lomwelo, chifukwa kulanda chuma cha amasiye ndi mlandu. Adiministreta wokana kuonetsa mmene chuma chayendera khoti likhoza kumuchotsa. Ngati chigamulo cha Local Court simunakhutire nacho, apilo ku Subordinate Court, khoti la majisitireti, ili ndi masiku 30 okha.

Chenjeraninso ndi anyamata a masuti amene amazungulira panja pa khoti nkumati amadziwana ndi akalaliki. Ku Local Court maloya sitiloledwa n'komwe kuyimira munthu pa milandu ngati imeneyi, ndiye wokulonjezani kuti akakulankhulirani kumeneko akufuna ndalama zanu basi. Wodzitcha loya aliyense mufufuzeni ku Law Association of Zambia musanamupatse ngwee, ndipo ngati mulibe zolipira, pitani ku Legal Aid Board mutanyamula satifiketi ya imfa ndi mapepala a katundu yense.